M'thovu la Madzi Oŵira Muli Chiyani?

Chaka chatha, pa nyengo imene ophunzira athu amatumizidwa m'masukulu kukayesera ntchito ya uphunzitsi, ndinakhala kumbuyo kwa kalasi ina kumvetsera phunziro la kusintha kwa madzi. Mnyamata amene ankaphunzitsayo anali atakonzekera ndithu. Anabwera ndi mbaula ya makala ndi poto, ndipo ana anamzungulira ali duu. Madzi atayamba kubwadamuka, mtsikana wina anakweza mkono nafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga m'thovu likutulukalo muli chiyani?" Mphunzitsi uja sanachedwe. Analemba H₂O pa bolodi, nafotokoza kuti moto ukuphwanya madzi kukhala haidrojeni ndi okosijeni, ndipo mipweya iŵiriyo ndiyo ikukwera m'thovumo. Ana onse analemba zimenezi m'makope mwawo, ena mpaka kudula mzere kunsi kwake.

Yankholi ndi lolakwa, ndipo kulakwa kwake sikochepa. Haidrojeni wosakanizika ndi okosijeni akakumana ndi moto amaphulika. Zikanakhala monga ananenera mphunzitsiyo, mayi aliyense wotereka madzi a nsima pa mafuwa bwenzi akuseŵera ndi imfa tsiku ndi tsiku. M'thovu la madzi oŵira muli madzi omwewo, amene asanduka nthunzi. Umboni wake uli pa chivundikiro cha poto: mukachivundukula, zimene zimadontha kunsi kwake ndi madzi.

Sindikumunyoza mnyamatayo, pakuti ine ndemwe ndinakhulupirira zomwezo kufikira nditaloŵa koleji. Ndiponso vutoli si la kwathu kuno kokha. M'chaka cha 1983, Roger Osborne ndi Mark Cosgrove a ku New Zealand anafalitsa zimene anapeza atafunsa ana a sukulu funso lomweli. Ambiri mwa anawo, ngakhale ena amene anali ataphunzira sayansi zaka zingapo, anayankha kuti m'thovumo muli mpweya wamba, kapena haidrojeni ndi okosijeni. Gwero la chisokonezochi, monga ndionera ine, ndi ili: timauza ana kuti zinthu zinapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono togwirana, koma sitiwauza kuti kugwiranako kuli kwa mitundu iŵiri yosiyana kutalitali.

Chomangira cha m'kati ndi chikoka cha pakati

Molekyulu imodzi ya madzi ili ndi atomu imodzi ya okosijeni ndi maatomu aŵiri a haidrojeni. Atatuŵa ndi omangidwa zolimba chifukwa amagaŵana maelekitironi, ndipo m'mabuku a Chingerezi chomangira chimenechi chimatchedwa covalent bond. Koma m'kapu ya madzi muli mamolekyulu osaŵerengeka, ndipo iliyonse imakoka inzake yoyandikana nayo. Kukokana kumeneku, kumene m'nkhani ino ndidzakutcha chikoka cha pakati pa mamolekyulu, n'kofooka kwambiri poyerekeza ndi chomangira chija.

Kusiyana kwake kukhoza kuyesedwa. Tengani madzi okwana magalamu 18, ndiko kuti supuni yaikulu imodzi ndi kachigawo. Kuti madzi ameneŵa, atafika kale pa madigiri 100, asanduke nthunzi onse, pafunika mphamvu ya makilojulu 41. Koma kuti mudule zomangira zonse za m'kati mwa mamolekyulu ake, atomu iliyonse ikhale payokha, pafunika makilojulu oposa 900, kuŵirikiza koposa ka 20. Madzi a m'poto wosatseka sapitirira madigiri 100 ngakhale mutasonkhezera moto chotani, pamene kutentha kumene kumayamba kuphwanya mamolekyulu a madzi mooneka ndi kwa madigiri oposa 2,000. Tsono madzi akamaŵira, kapena ayezi akamasungunuka, mamolekyulu amangotayana ndi anzawo. Iliyonse imachoka ili yathunthu.

Njira yabwino imene ndaipeza yophunzitsira zimenezi ndi kutulutsa ana pabwalo. Agaŵeni atatuatatu, ndipo atatuwo akoloŵekane mikono m'zigongono. Gulu lililonse ndi molekyulu imodzi. Pakati pa gulu ndi gulu anawo azingokhudzana ndi nsonga za zala. Mukati "Ayezi!" aime pamalo amodzi, zala zitakhudzana, akungonjenjemera. Mukati "Madzi!" magulu ayendeyende mothinana, kusiya zala za aŵa ndi kukhudza za aŵo. Mukati "Nthunzi!" abalalike m'bwalo lonse, koma akadali atatuatatu. Nthaŵi zonse pamakhala gulu limene limamasula mikono pothamanga. Musalidzudzule. Imitsani seŵerolo ndipo funsani kalasi kuti gulu limenelo lachita chiyani chimene madzi oŵira sachita. Phunziro lonse lagona pa yankho la funso limenelo.

Chikokachi chimachokera kuti?

Mwana wanzeru adzafunsa chimene chimachititsa mamolekyulu kukokana, ndipo mphunzitsi ayenera kudziŵa zoposa zimene adzanene. Chikoka chonsechi ndi cha magetsi: mbali ya pozitivi imakoka mbali ya negativi. M'molekyulu ya madzi, atomu ya okosijeni ndi yaumbombo, imakokera kwa iyo maelekitironi amene ikugaŵana ndi haidrojeni. Motero mbali ya okosijeni imakhala ya negativi pang'ono, ndipo nsonga ziŵiri za haidrojeni zimakhala za pozitivi pang'ono. Popeza molekyuluyi ndi yopindika ngati chilembo cha V, yotsekuka madigiri 104.5, mbali zimenezi sizifafanizana. Haidrojeni wa molekyulu imodzi amakoka okosijeni wa molekyulu ina, ndipo molekyulu iliyonse ikhoza kugwirana motere ndi anzake anayi.

Chikoka cha mtundu uwu chinalongosoledwa ndi Wendell Latimer ndi Worth Rodebush a ku America m'chaka cha 1920, ndipo chimadziŵika ndi dzina lakuti hydrogen bond. Dzinali ndi msampha. Ophunzira akamva liwu lakuti bond amaganiza za chomangira cha m'kati mwa molekyulu, ndipo ambiri pojambula amaloza mzere wolumikiza O ndi H wa molekyulu yomweyo. Pojambula pa bolodi, lembani chomangira cha m'kati ndi mzere wathunthu, chikoka cha pakati ndi timadontho, ndipo musajambule molekyulu imodzi yokha ayi, pakuti molekyulu imodzi ilibe mnzake woikoka.

Kuti muone kukula kwa chikoka chimenechi, yerekezani madzi ndi methane, mpweya woyaka umene umatuluka m'ndoŵe zovunda. Mamolekyulu aŵiriŵa amalemera pafupifupi mofanana: methane 16, madzi 18. Koma methane amaŵira pa madigiri 162 pansi pa ziro, madzi pa madigiri 100 pamwamba pa ziro. Kapena tengani hydrogen sulphide, mpweya uja wonunkha ngati dzira lovunda. Kapangidwe kake ndi kofanana ndi ka madzi, kungoti m'malo mwa okosijeni muli salifa, ndipo kulemera kwake ndi 34. Pokhala wolemera chotero tikanayembekeza kuti aziŵira pa kutentha kokwera kuposa madzi, koma amaŵira pa madigiri 60 pansi pa ziro, chifukwa salifa sakoka maelekitironi mwamphamvu ngati okosijeni. Pakanapanda chikoka cha haidrojeni, Nyanja ya Malaŵi, mtsinje wa Shire ndi madzi a m'magazi athu bwenzi zonse zili mpweya.

Nanga mamolekyulu amene alibe mbali ya pozitivi kapena ya negativi amagwirana bwanji? Johannes Diderik van der Waals wa ku Netherlands anasonyeza m'chaka cha 1873 kuti ngakhale mamolekyulu a mipweya amakokana, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1910. Koma chifukwa chake cha kukokana kwa mamolekyulu opanda mbali chinafotokozedwa ndi Fritz London mu 1930. Maelekitironi sakhala malo amodzi. M'kamphindi kena amachulukira mbali imodzi ya molekyulu, ndipo m'kamphindi komweko amakankha maelekitironi a molekyulu yoyandikana, ziŵirizo n'kukokana. Kamphindi kotsatira zasintha, koma kukokanako kumabadwanso kosalekeza. Chikoka chimenechi chimatchedwa ndi dzina la London, munthuyo osati mzinda wa ku England, ngakhale chaka ndi chaka ndimapeza wina atalemba za mzindawo pa mayeso.

Chikoka cha London chili m'mamolekyulu onse, ndipo chimakula molingana ndi kukula kwa molekyulu. Chitsanzo chake ana amachidziŵa kale. Petulo, parafini ndi kandulo zonse zimachokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndipo zonse ndi maunyolo a kaboni ndi haidrojeni. Kusiyana kwake ndi kutalika kwa unyolo. M'petulo unyolo uli ndi maatomu a kaboni pafupifupi 5 mpaka 10, ndipo petulo akatayika amauma msanga. M'parafini muli 10 mpaka 16, ndipo amakhala m'koloboyi masiku ambiri osauma. M'kandulo muli 20 mpaka 40. Maunyolo aataliwo amagonerana ndi kukokana m'litali mwawo monse, kotero kuti kandulo ndi cholimba. Ndipo mwana akadzafunsa chimene chimagwira nalimata ku denga, muuzeni kuti ku mapazi ake kulibe ulimbo. Kellar Autumn ndi anzake anasonyeza m'zaka za 2000 ndi 2002 kuti kunsi kwa zala zake kuli timaubweya tosaŵerengeka, tosaoneka ndi maso, timene timayandikira khoma kwambiri mwakuti chikoka chofookachi, chitaphatikizana, chimanyamula thupi lonse.

Zoyesa zosafuna labotale

Mayina onseŵa ndi a mphunzitsi. Ana ayambe ndi kuona. Pa mbale yachitsulo yoyera donthezani dontho la sipiriti, dontho la madzi ndi dontho la mafuta ophikira, ndipo ana alosere limene lidzayambe kuuma. Sipiriti adzatha poyamba, madzi pambuyo pake, mafuta adzakhalapobe ngakhale maŵa. Afunseni kuti ndi m'dontho liti mmene mamolekyulu akutayana mosavuta. Mbali yaikulu ya sipiriti ndi ethanol, amene amaŵira pa madigiri 78. Ali nacho chikoka cha haidrojeni, koma ali ndi haidrojeni mmodzi yekha wotha kugwira motero, pamene madzi ali ndi aŵiri. Mafuta ophikira ali ndi mamolekyulu aakulu kwambiri, ndipo n'chifukwa chake sauma ndiponso amayenda mwaulesi pothira. Sipiriti asayandikire mbaula, ndipo petulo asaloŵe m'kalasi ngakhale pang'ono.

Kenaka pakani sipiriti pang'ono kuseri kwa dzanja la mwana aliyense. Adzati akumva kuzizira. Mamolekyulu amene akuthaŵa amafuna mphamvu yogonjetsera chikoka cha anzawo, ndipo mphamvuyo akuitenga pakhungu. Pa madzi mphamvu imeneyi ndi yaikulu modabwitsa: galamu imodzi imafuna majulu pafupifupi 420 kuti itenthe kuchokera pa ziro kufika pa madigiri 100, koma imafuna majulu 2,260 kuti isanduke nthunzi. Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha mtsuko. Madzi amaloŵerera m'timipata ta dothi lootcha, nafika kunja, nauma, ndipo pouma amatenga kutentha kwa madzi otsala m'katimo. Chidebe cha pulasitiki sichitha kuchita zimenezi. Ikani mtsuko ndi chidebe pamthunzi umodzi m'maŵa, ndipo masana ana alaŵe madzi onse aŵiri. Thukuta limagwira ntchito yomweyo pa thupi.

Choyesa chimene ana amachikonda koposa ndi cha singano. Dzazani mbale ndi madzi, yalani kapepala kofeŵa pamwamba pake, ndipo goneka singano youma pa kapepalako. Kapepala kakanyoŵa kadzamira, singano n'kutsala pamwamba, ngakhale chitsulo n'cholemera kuposa madzi. Molekyulu ya pakati pa madzi imakokedwa mbali zonse, koma ya pamwamba ilibe anzake kumwamba kwake. Imakokedwa cham'mbali ndi chapansi, kotero pamwamba pa madzi pamakhala ngati chikopa chokungika. Ndi chikopa chomwechi chimene chimanyamula tizilombo toyenda pamwamba pa madzi m'zithaphwi, ndi kuumba madontho obulungira pa tsamba la kabichi. Tsopano khudzani madziwo ndi kachitsotso kopaka sopo. Singano idzamira, pakuti mamolekyulu a sopo aloŵerera pakati pa mamolekyulu a madzi a pamwamba ndi kufooketsa kukokana kwawo.

Mphunzitsi wodandaula kuti sukulu yake ilibe zipangizo amve za Agnes Pockels wa ku Braunschweig, m'dziko la Germany. Pa nthaŵi yake akazi sankaloledwa kuloŵa yunivesite, ndipo iye anakhala pakhomo kusamalira makolo ake odwala. Potsuka mbale anayamba kuonetsetsa mmene mafuta ndi sopo zimasinthira pamwamba pa madzi, napanga kachipangizo kake koyezera ndi chitini. Analembera kalata katswiri wa ku England, Lord Rayleigh, amene anaitumiza ku magazini ya sayansi yotchedwa Nature, ndipo inasindikizidwa mu 1891. Nkhaniyi ndimaiuza makamaka atsikana.

Zolimba, ndi msampha wa m'chinenero chathu

Ikani kachidutswa ka kandulo, shuga pang'ono ndi mchere pang'ono pa zivundikiro zitatu zachitsulo za mabotolo, ndipo mutenthe zonse pa mbaula. Kandulo adzasungunuka msanga, pa madigiri pafupifupi 50 mpaka 60, popeza chogwira mamolekyulu ake ndi chikoka cha London chokha. Shuga adzachedwa, chifukwa mamolekyulu ake amagwirana ndi chikoka cha haidrojeni m'malo ambiri. Pofika madigiri pafupifupi 185 amayamba kufeŵa, koma nthaŵi yomweyo amafiira, kenaka n'kuda bii. Apa nenani zoona: kudako ndi chizindikiro chakuti mamolekyulu enieniwo aphwanyika, ndipo shuga wopserera sabwereranso, pamene kandulo akazizira amakhala kandulo yemweyo. Mchere sudzasintha konse. Mchere ulibe mamolekyulu. Uli ndi tinthu ta sodiyamu ta pozitivi ndi ta kolorini ta negativi tokokana mwamphamvu mbali zonse, ndipo umasungunuka pa madigiri 801.

Pamenepa mwana wina adzatsutsa kuti mchere umasungunuka mosavuta, amauona m'ndiwo tsiku lililonse. Mwanayo sanalakwe. M'Chicheŵa liwu limodzi lakuti kusungunuka timaligwiritsa ntchito pa zinthu ziŵiri zosiyana: kandulo amasungunuka ndi moto, mchere umasungunuka m'madzi. Poyambapo kutentha ndiko kukugonjetsa chikoka. Pachiŵiripo mamolekyulu a madzi, ndi mbali zawo za pozitivi ndi negativi, amazinga tinthu ta mchere ndi kutichotsa kamodzikamodzi. Zoloŵerani kunena mawu onse, "kusungunuka ndi moto" ndi "kusungunuka m'madzi", ndipo ana azitero polemba. Chenjeraninso ndi liwu lakuti nthunzi. Utsi woyera umene timauona pamwamba pa ketulo ndi timadontho ta madzi timene tazizira kale. Nthunzi yeniyeni sioneka. Ili m'kampata koyera kaja ka pakati pa mlomo wa ketulo ndi poyambira utsiwo.

Ayezi ali ndi khalidwe lakelake. Zinthu zambiri zikauma gwa zimathinana ndi kulemera: ponyani kachidutswa ka kandulo m'kandulo wosungunuka, kadzamira. Koma ayezi amayandama. Madzi akaundana, molekyulu iliyonse imagwira anzake anayi pamalo okhazikika, ndipo kayalidwe kameneka kamasiya mipata. Madzi amafufuma ndi magawo 9 pa 100 aliwonse, n'chifukwa chake botolo lagalasi lodzaza limasweka m'firiji. Kumene kulibe firiji, dikirani tsiku la matalala, ana atole ndi kuponya m'kapu ya madzi. Ku maiko ozizira nyanja zimaundana kuyambira pamwamba, nsomba n'kupulumuka m'madzi a pansi.

Themometa ikakana kufika pa 100

Pali chinthu china chimene chidzakuchitikirani. Buku likuti madzi amaŵira pa madigiri 100, koma themometa yanu idzaima pa 96 kapena 97, ndipo mudzayesedwa kuuza ana kuti alembe 100 chifukwa chipangizocho n'chakale. Musatero. Madzi amaŵira pamene nthunzi ya m'thovu yapeza mphamvu yokankha mpweya umene ukupsinja pamwamba pa madziwo. Madigiri 100 ndi a pamalo olingana ndi nyanja yamchere. Mukamakwera mpweya wopsinja umachepa, ndipo pa mamita pafupifupi 300 aliwonse kutentha koŵirira kumatsika ndi digiri imodzi. Ku Lilongwe, pa mamita pafupifupi 1,050, yembekezani 96 kapena 97. Ku Dedza, kumene n'kokwera kuposa apo, yembekezani 95. Pa nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, mamita 3,002, madzi amaŵira pafupifupi pa 90. Ku Nsanje, kumene n'kotsika kwambiri, ndiko themometa idzayandikire 100. Chikoka cha pakati pa mamolekyulu n'chimodzimodzi konseko. Chasintha ndi mpweya wa kunja. Ana alembe chimene aŵerenga ndi maso awo, pamodzi ndi dzina la malo.

Onetsetsaninso poto madzi asanaŵire. Timathovu ting'onoting'ono timene timamatirira m'mbali mwake madzi akangofunda ndi mpweya wamba ndithu, umene unali utasungunuka m'madzi, womwe uja nsomba zimapuma. Thovu lalikulu lobwadamuka kuchokera pansi ndilo nthunzi. Mwana wonena kuti m'thovu muli mpweya mufunseni kaye kuti akunena thovu liti.

Mnyamata uja ndinakamba naye ana ataŵeruka, ndipo m'maŵa mwake anabwerera m'kalasi ndi mbaula yomweyo ndi mbale yachitsulo yozizira. Anauza ana kuti dzulo anawauza zolakwa. Anaitana mtsikana wofunsa uja kuti agwire mbale pamwamba pa poto ndi kansalu, ndipo madontho atasonkhana kunsi kwake anawagwetsera m'kapu, ana n'kuona kuti ndi madzi. Anawauza kuti atsegule makope, afafanize chiganizo cha dzulo ndi kulemba china. Akulemba, mtsikana yemweyo anakwezanso mkono nafunsa kuti ngati nthunzi ndi madzi omwewo, n'chifukwa chiyani kupsa ndi nthunzi kumaŵaŵa kuposa kupsa ndi madzi oŵira. Mphunzitsi anacheukira kumbuyo kumene ndinakhala. Ndinamulozera pa pepala lake lokonzekera phunziro, pamene usiku wathawo anali atalemba nambala ija ya majulu 2,260.